A Mundiuziretu ndi Galu Woopa Mabingu

Mumsewu mwathu munali lamulo limene silinalembedwe paliponse: usanachite phokoso, uyambe wakauza atelala. Ukafuna kukhoma msomali kapena kukweza wailesi, unkayenera kupita pakhonde pawo n'kunena nthawi yake. N'chifukwa chake dzina lawo lenileni linaiwalika, tonse tinkangoti a Mundiuziretu. Ine ndinkakhala khomo loyandikana ndi lawo, choncho zambiri zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso angawa. Zimene ndinangomva ndinena kuti ndinamva.

Eni ake phokoso sankaliopa ayi. Wamantha anali galu wawo, chigalu chachikulu ngati thole, chimene anachitcha Sindiopa chidakali kamwana, asanachidziwe bwino. Bingu likangogunda, Sindiopa ankanjenjemera mpaka mbale kugwa patebulo, dovu lili chuchuchu, kenako n'kuthamangira kulikonse kumene mphuno yaloza. Tsiku lina mphuno inaloza windo la mayi landilodi. Analowa ndi galasi lomwe, n'kukabisala mudengu la zovala zochapa kale.

"Bambo inu," anatero mayi landilodi, manja ali m'chiuno, "akadzangoswanso kanthu, ngakhale kapu, galuyu achoke. Mukakana, muchoke nonse."

Akazi awo a atelala anamwalira kalekale, ndipo ana analibe. Wowadikira pakhomo, wodya nawo, womva madandaulo awo, anali galuyo basi. M'mawa mwake anam'kokera kwa dokotala wa ziweto, ine ndikukankha kumbuyo.

Dokotala anapereka timapiritsi. "Awa amachepetsa mantha, koma muzim'patsa phokoso lisanayambe, kutatsala ngati ola. Mantha akam'gwira kale, sathandiza kwenikweni. Komanso musamangom'patsa chisawawa."

"Kutatsala ola kuti chichitike chiyani, adokotala?"

"Kuti bingu ligunde."

"Nanga bingulo limatumiza uthenga?"

"Muziyang'ana kumwamba, bambo."

Apa ndi pamene msewu wonse unalowera m'mavuto. Atelala anati zakumwamba aona okha, koma phokoso la pansi pano lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ali ndi pakamwa. Anayamba ndi wowotcherera zitsulo.

"Achimwene, musanayatse chimakina chodulira chija, mundiuziretu."

"Madala, kasitomala amangofika, ine ndidziwa bwanji?"

"Ndiye kasitomalayo akuuziretuni inuyo."

Anapita kwa makaniko, anapita kwa abusa a tchalitchi cha pakona chokhala ndi masipika akuluakulu. Ndinamva kuti abusa anawayankha kuti mzimu ukatsika sudikira wotchi, ndipo atelala anapempha kuti mwina uzitsika galu atamwa kale. Izi sindinazione ndekha, koma amene anandiuza si munthu wabodza.

Chimene ndinaona ndekha ndi cha banja latsopano la kuseri, limene likayambana mapoto ankauluka. Nawonso anauzidwa. Tsiku lina mwamunayo anafika pakhonde akunong'ona.

"Madala, m'patseni galu. Ndaiwala kukachingamira apongozi kudepoti, abwera okha wapansi ndi katundu pamutu. Madamu akaweruka kuntchito kwathu kuyaka moto."

Atelala anathokoza, anakulunga piritsi m'kanyama, Sindiopa n'kumeza. Ola linadutsa. Kuseri kunali zii. Zinapezeka kuti apongoziwo anali ataseka nkhaniyo, mwana wawo n'kusekanso. Atelala anakagogoda, nkhope ili gwa.

"Mwandiwonongetsa piritsi. Kanganani!"

"Madala, takhululukirana."

"Ndani wakuuzani kuti mukhululukirane lero? Mayi, katundu pamutu, dzuwa lonse lija, inu mwangozisiya?"

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma iwo sankaseka. Mapiritsi anali owerengeka, dokotala sankalola kuwonjezera, ndipo dzinja linali pafupi.

Mvula itayamba, atelala anasiya kugwira ntchito bwinobwino. Phazi lili pamakina, maso ali kumitambo. Mathalauza ankatuluka mwendo wina wautali, wina waufupi. Munthu akadandaula, ankam'gwira dzanja n'kum'tulutsa pabwalo.

"Zathalauza tikonza. Taonani uko kaye. Mtambo uwo ndi wa mabingu kapena ukungodutsa?"

Ankaimbira foni msuweni wawo wa kutsidya kwa tauni, kumene mvula inkachokera. Ankafunsa bondo lawo lamanzere, limene ankati limawawa kukamabwera mvula. Vuto linali lakuti bondolo linkawawanso kukamabwera dzuwa. Masiku ena Sindiopa ankangosinza pakhonde atamwa piritsi pachabe, kunja kuli ngwee. Masiku ena bingu linkawadzidzimutsa piritsi likadali m'botolo, ndipo ndinkawapeza atagona pansi, atam'kumbatira galuyo ndi manja ndi miyendo yomwe, akukokedwa uku ndi uku ngati chiguduli chokolopera.

"Tseka chitseko, mwanawe! Akangotuluka tathera pomwepo!"

Koma pang'ono ndi pang'ono anaphunzira. Mphepo ikasintha, akanunkhiza fumbi, ankangoti, "Lero kuli." Azimayi anayamba kuwafunsa asanayanike zovala. Chaka chimenecho chinatha, chinanso chinatha, popanda kapu ngakhale imodzi yosweka.

Dzinja lomwe lino atelala anadwala chifuwa n'kugonekedwa m'chipatala. Galu ndi botolo anandisiyira ine. Anamwino anandiuza kuti anavuta mpaka bedi lawo analisunthira pawindo. Foni yanga inkalira ndili kuntchito, mawu awo akumveka ngati akuchokera m'chitsime.

"Mwanawe, thamanga. M'patse tsopano."

"Koma bambo, kuno kulibe mtambo."

"Thamanga, ndati."

Ndinkathamanga, ndipo bingu linkabweradi. Ulendo womaliza anaimba akulephera kumaliza mawu. Anangofunsa ngati galu wamwa. Ndinati wamwa, wagona pamphasa. Anati, "Chabwino," n'kudula. Anamwalira mawa lake.

Achibale anabwera, anatenga makina osokera, matebulo, ngakhale mahang'ala. Galu palibe anam'funa. Ine ndinam'tenga, koma mayi landilodi anandikumbutsa kuti mawu awo aja sanafe ndi atelala. Ndipo ine kumwamba sindikudziwa kuwerenga.

Patangopita sabata, bingu linagunda masana ndili kuntchito, piritsi lisanaperekedwe. Ndinasiya zonse patebulo. Ndinathamanga mumvula, nsapato zili m'manja, ndikuwerengera mumtima mawindo onse a mumsewu mwathu. Chitseko changa ndinachipeza chili pululu, latchi itathyoka, galu palibe. Ndinaitana mpaka mawu kusasa. Kenako ndinamva kubuula kuchokera kukhitchini kwa mayi landilodi.

Ndinasuzumira. Pansi panali zidutswa za mbale. Pakati pa zidutswazo panakhala mayiwo, miyendo atatambasula, chigalu chija atachikulunga m'bulangete, mutu wake uli pamiyendo pawo, akuchisisita kumsana.

"Mukuyang'ana chiyani? Tsekani chitseko, mphepo ikulowa."

"Mayi, pepani, mbale zanuzo ine ndi…"

"Ndakufunsani za mbale? Mankhwala aja ali kuti? Kuyambira mawa muzindisiyira ine, inu mumakhala kulibe."

M'nyumba ya atelala mwalowa anthu ena, abwino ndithu, koma pakhonde aikapo maluwa. Wowotcherera amayatsa makina ake nthawi imene wafuna, ndipo akuti ntchito siikumukomeranso. Mvula idakalipo. Masana ndikabwera kudzadya, ine ndi mayi landilodi timaima pabwalo, makosi atapindikira kumwamba, botolo lili m'manja mwawo.

"Uwo ndi wa mabingu," amatero.

"Ine ndikuona ngati ukungodutsa, mayi."

Timayang'anizana, kenako tonse timatembenukira kwa Sindiopa. Iye amakhala akuyang'ana kumsewu.