Malalanje Atatu ndi Patapata Imodzi

Lalanje loyamba ndinaligwira ndi dzanja limodzi, bwato osagwedezeka n'komwe. Ndinalikweza m'mwamba kuti onse aone. Pagombe ana asukulu anakuwa, manja ali m'mwamba. Ndinati eya, adziwe kuti pa mtsinje wa Bua pali amuna. (Mpaka lero mkazi wanga akagula malalanje amayamba wandiyang'ana.)

Chinali chaka chija titangovotera zipani zambiri. Aliyense anali ndi ufulu, ngakhale wotaya zipatso m'madzi. Aphunzitsi a sayansi a ku sekondale anabwera ndi ana a Fomu 3 kudzaphunzira mtsinje. Kuphunzira mtsinje! Ine ndapha mpasa m'menemo kuyambira ndisanamere ndevu, palibe anandipatsa satifiketi.

Mwa anawo munali Asiyatu, mwana wanga woyamba. Sabata yonse anandiboola m'makutu. Akuti woyeza bwino kuposa onse adzapita pa holide kukaphunzira ntchito kwa anthu a zamadzi, aja amawerenga ndodo ya manambala pamlatho. Akuti ntchito ya mtima wake ndi imeneyo. Ndinamuuza kuti madzi timamwa, sitiyeza. Koma bwato ndinavomera kubweretsa.

Aphunzitsi anakhoma zikhomo ziwiri m'mphepete mwa mtsinje, china kumtunda, china kumunsi. Kenako anandifotokozera ntchito yanga, theka Chichewa, theka Chingerezi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ndinamva bwato, ndinamva malalanje, ndinamva kutola. Atandifunsa ngati ndamva, ndinati ndamva. Pamaso pa mwana wako unganene chiyani?

Ndinakaimika bwato pakati pa zikhomo ziwirizo, poti ndi pamene panali mthunzi.

Ndiye lalanje lija linabwera likuyandama, ine n'kulitola. Ndinaliyang'ana. Labwinobwino, lopanda bala. Dzuwa linali litakwera, m'mimba mulibe ngakhale tiyi. Mutu unandiuza kuti aphunzitsi ndi munthu woganiza: m'malo motuma mwana, akunditumizira kamba kudzera m'madzi. Sayansi imeneyo. Ndinasenda, ndinadya.

Lachiwiri linadutsa patali. Ndinapalasa, n'kulitsekereza ndi nkhafi. Phokoso pagombe linakula. Aphunzitsi anavula chipewa n'kumachikupiza. Masiku amenewo tinali titazolowera misonkhano: anthu akakuwa n'kumagwedeza manja, ndiye kuti akukufuna. Ndinawabwezera dzanja ngati munthu wofuna uphungu. Asiyatu anali pa chikhomo chakumunsi, wotchi ya aphunzitsi m'manja, akundiloza. Ndinadziwa kuti akuuza anzake kuti awo ndi ababa anga. (Ankanenadi zimenezo. Kungoti mawu ake anali ena.)

Lachiwirilo linali lotsekemera kuposa loyamba.

Lachitatu ndinali nditadya theka pamene ndinaona aphunzitsi akubwera m'madzi, buluku atalipinda mpaka m'maondo, ana ali m'mbuyo. Anafika n'kugwira m'mphepete mwa bwato. Anapuma kaye.

“Bambo a Asiyatu, tinapangana kuti mutole likadutsa chikhomo chachiwiri.”

Anafotokozanso, ulendo uno m'Chichewa chokhachokha, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mbuzi yodwala. Mtunda wa pakati pa zikhomo anali atauyeza kale. Lalanje likachoka pa choyamba, wotchi iyambe. Likafika pa chachiwiri, wotchi iime. Katatu. Akatero adziwe liwiro la madzi. Magulu ena anali atamaliza m'mawa kumtunda, malalanje awo atapita ndi madzi. N'chifukwa chake bwato unali wofunika. Gulu la Asiyatu linali lomaliza, ndipo atatu amenewo ndiwo anatsala.

Anapempha kuti ndibweze awiri oyamba aja, ayambirenso. Onse anasuzumira m'bwato. Makoko.

Pofuna kudzipulumutsa ndinanena kuti liwiro la Bua ndimalidziwa popanda wotchi. Aphunzitsi anati nenani. Ndinayang'ana madzi, n'kunena kuti lero akuthamanga pang'ono. Mtsikana wina anafunsa mwaulemu ngati “pang'ono” alembe m'mamita kapena m'masekondi. Ana anaseka mpaka wina anakhala pansi m'matope.

Asiyatu sanaseke. Tsamba la kope lake linali ndi mizere yokongola, yojambula ndi rula, mkati mopanda nambala ngakhale imodzi. Anayang'ana uku ndi uku. Kamtengo sikangaoneke m'madzi ofiira aja. Theka lotsala la lalanje ndinali nditalimaliza kale, madzi ake akudontha m'ndevu zanga. Kenako maso ake anatsikira kumapazi kwanga. Patapata zabuluu, zatsopano, zogula ku Dwangwa Loweruka lapitalo.

“Ababa, vulani imodzi.”

Ndinamuyang'ana. Ufulu uja unali utalowa mpaka m'nyumba mwanga.

“Mukaime kuseri kwa chikhomo chachiwiri. Musaigwire mpaka nditakweza dzanja. Mwamva?”

“Ndamva.”

“Mwamvadi?”

Ndinavula.

Ulendo woyamba patapata inayenda bwino. Inadutsa chikhomo, dzanja linakwera, ndinatola. Wachiwiri chimodzimodzi. Aphunzitsi anati ikuoneka bwino kuposa lalanje. (Zikomo. Ndinaigulira zimenezo.) Wachitatu inadutsa chikhomo, Asiyatu anaimitsa wotchi, n'kuwerama pa kope. Analemba. Anawerengera. Anzake anamuzungulira. Dzanja silinakwere.

Patapata inandidutsa pafupi, moti ndikanaitola ndi zala ziwiri. Koma munthu wagwa kale katatu saganizanso yekha. Ndinadikira dzanja. Ndinaiona ikuzungulira pa bango, ikulowa pakati, ikulunjika kunyanja. Pamene Asiyatu ankadzutsa mutu, inali itasanduka kadontho kabuluu.

Holide ija anapitadi. Akuti anamusankha chifukwa zinthu zitasokonekera anapeza njira. Zinthu zosokonekerazo ndine. M'lipoti lake analemba kuti anagwiritsa ntchito “chipangizo choyandama”. Dzina la mwini chipangizo mulibe.

Tsiku lija nditakoka bwato, aphunzitsi anasonkhanitsa ana. Anati pamtsinje pali ntchito zambiri: oyeza madzi, owerenga nsomba, oteteza magombe. Kenako anatembenukira kwa ine, kuti monga katswiri wa Bua ndiwauze ana mawu awiri pa zimene ndaphunzira lero.

Mchenga unali utapsa. Ndinasenza nkhafi, n'kuuyamba wa kunyumba, phazi limodzi likuti phwa, linzake likuvina lokha.