Mmene Ndinakokera Mpongozi Wanga Pamwala

Anzanga, za ku Kepi musandifunsenso. Aliyense amene ndikukumana naye pamsika wa Lungwena akuyamba ndi moni wabwinobwino kenako n'kutulutsa foni, ndiye ndati ndifotokoze ndekha kamodzi, woseka aseke zithe.

Mwana wanga Barnaba amagwira ntchito pa hotela ina ku Kepitauni. Mwezi wa Julaye ananditumizira tikiti ya basi kuti ndikapume kumeneko masabata awiri, komanso ndikaone mtsikana wa komweko amene akumufunsira, dzina lake Thandi. Mtsikanayo anali asanapereke yankho, ankati akufuna aone kaye kuti mnyamatayu akuchokera kwa anthu otani. Ndiye anthu otaniwo ndinali ineyo. Mayi ake a Barnaba pondiperekeza anandilangiza chinthu chimodzi chokha, kuti ndikadzisunge ngati apongozi: kukhala patali, kuyankhula pang'ono, osamugwira ngakhale chanza mwana wa eni. Iwo anakhala zaka zambirimbiri ndi malemu bambo anga osakhudzapo ngakhale malaya awo, akakumana panjira ankapatukira kutchire.

Barnaba anandiuza pafoni kuti nditenge jekete chifukwa kumeneko ndi nyengo yozizira, ine ndinangoseka. Munthu ndakulira m'bwato, mwera ukundimenya pachifuwa chaka ndi chaka, kamwana kadzulodzuloka kandiphunzitse kuzizira? Ndinanyamula suti yanga ya kutchalitchi ndi nsapato zosongoka basi. Komatu kuzizira kwa kumeneko ndi kwachipongwe, kumabwera ndi mvula ndi mphepo nthawi imodzi, n'kukulowa mpaka m'mano.

Masiku oyamba anandizungulitsa m'tauni pa basi yopanda denga, anatikweza pamwamba penipeni, mvula ikuwaza. Phiri lawo lotchukalo sindinalione, Barnaba ankangoloza chifunga n'kumati phirilo lili mmenemo, ndipo ine ndizigwedeza mutu ngati ndaona. Kenako anandilowetsa m'nyumba ina yodzaza nsomba za m'magalasi. Nsodzi wamkulu ngati ine kuima pamzere kuti ndikaone nsomba! Nditafunsa mokweza kuti yaikuluyo amaiphika bwanji, mayi wina anakokera mwana wake kumbali. Thandi anaseka atagwira pakamwa, ine n'kumati zinthu zikuyenda. Ndipo ulemu ndinausunga, tsiku loyamba atatambasula dzanja ndinangoomba m'manja chapatali, Barnaba n'kumufotokozera kuti ndiwo mwambo wathu.

Loweruka Barnaba anangoti tikupita kumiyala kunja kwa tauni, Thandi amakonda kukwera. Mawu ake anali omwewo basi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa akanawonjezera mawu awiri okha sibwenzi ndili pafoni ya aliyense.

Titafika ndinaona anthu akuluakulu atabereka matiresi kumsana. Ndinati kodi tigona konkuno? Anakawayala pansi pa chimwala china, ine ndi kutopa kwanga ndinathokoza mumtima kuti anthuwa amalemekeza achikulire, ndinakhala pakatikati, kuvula nsapato, n'kutsegula fulasiki ya tiyi. Ndisanamwe n'komwe, mzungu wina wandevu anagwa kuchokera kumwamba n'kutera pambali panga, tiyi yense pathalauza. Ndi pamene Barnaba anandiuza kuti matiresiwo ndi ogwerapo. Mwamva? Anthu amachoka kunyumba atakonzekera kale kugwa.

Ndinakaima pambali ndi masokosi anga, ndikuonerera mokwiya. Mwalawo sunali wautali kuposa nyumba yamalata, ndipo kuseri kwake kunali kotsetsereka bwino moti mbuzi ndi ana ake ikanakwera ikudya. Koma iwo ayi, anasankha mbali yopendekera kunja, kumene munthu amalendewera ngati mleme, opanda chingwe, atapaka choko m'manja. Wina anatulutsa mswachi n'kuyamba kutsuka mwala. Mwala, anzanga, ndi mswachi! Ndinayang'ana Barnaba kuti mwina achita manyazi, koma iye anali wosangalala ngati ali paukwati.

Kenako inafika nthawi ya Thandi. Anayamba chokhala pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono ndi nsonga za zala. Atafika pafupi ndi pamwamba anaima. Mwendo unayamba kunjenjemera, dzanja limodzi likufufuza pogwira osapapeza, akupuma ngati munthu womira. Anthu onse pansi akungokuwa. Ndipo mwana wanga, mwana amene ndinamulera ndekha, wangoima atakweza manja m'mwamba ngati akupempha mvula, osamukhudza n'komwe.

Apa ndiye magazi anandithamanga. Inu mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Ukamadutsa pagombe n'kupeza anthu akulimbana ndi khoka, sufunsa kuti ndi la yani, umangogwira chingwe n'kukoka nawo. Munthu woima chilili anzake akuvutika timamunena mudzi wonse. Ndiye mtsikana amene akufuna kuona kuti ndife anthu otani aone kuti ndife anthu oonerera? Malangizo onse a mayi ake a Barnaba anauluka. Ndinathamangira kuseri, kukwera njira ya mbuzi ija ndi masokosi, kugona chafufumimba pamwamba, n'kusuzumira. Nkhope ya Thandi inali pomwepo, zala zake zitatsala pang'ono kufika pamphepete.

"Ababa, ayi!" anakuwa Barnaba.

Ine ndinali nditamugwira kale pamkono ndi manja awiri. Ndinakoka ngati khoka lodzaza, mwana wa eni n'kutera pamwamba ngati kampango. Ndinaimirira, kukonza tayi, n'kuyang'ana pansi kudikira kuti andiombere m'manja. Mzungu wandevu uja anagwira kumutu. Thandi anakhala pansi n'kuyamba kulira, ine n'kumamutonthoza ndi Chingerezi changa chochepacho kuti asaope, wapulumuka.

Barnaba ndiye anandiuza ali pansipo, m'Chichewa. Anati masewerawa lamulo lake ndi lakuti ukwere wekha, wina akangokukhudza ndiye kuti sunakwere. Anati Thandi wakhala akulimbana ndi mwala umenewu zaka zitatu, nyengo yozizira iliyonse, chifukwa kukatentha manja amaterera, ndipo lero kanali koyamba kufika pamenepo. Kunangotsala kugwira kamodzi. Zala zake zinali zitang'ambika kale moti sakanayesanso, ndipo mvula inali itayamba.

Ndinamukalipira pomwepo, ndili pamwamba pa mwala, kuti bwanji sananene m'galimoto muja? Ulendo wonse ankandifotokozera mayina a milatho, koma chinthu chofunika chokhachi anachisunga! Ndikukalipa choncho ndi pamene ndinazindikira chachiwiri, kuti ine amene ndinakana chanza cha mpongozi wanga ndamugwira mkono wonse mpaka m'khwapa, anthu akujambula.

Chachitatu chinali kutsika. Njira ya mbuzi ija itanyowa, ndi masokosi, inasanduka sopo. Ndinayesa chokhala, thalauza la suti linang'ambika kumbuyo kuyambira palamba mpaka kumunsi, ndipo ndinakakamira pomwepo. Ndani anandipulumutsa? Thandi yemweyo. Anatsika patsogolo misozi isanaume, n'kumandigwira phazi limodzilimodzi kuliponda poyenera, ine ndili pamwamba pa mutu wake ndi thalauza lotsegula. Ndikanakonda kugwa.

Masiku atatu Thandi sanaimbe foni. Barnaba sankadya, ankangoyang'ana khoma. Ukali wanga unatha, kunatsala mantha, chifukwa ndinaona kuti ndamupasulira mwana wanga banja lisanayambe, ndipo ndinkasowa kuti ndikawauza chiyani mayi ake. Tsiku loti mawa lake ndinyamuka, mtsikanayo anabwera ndi jekete latsopano. Sanandipatse pamanja, analiika pampando n'kubwerera m'mbuyo, kusonyeza kuti mwambo wathu anaumva kuposa mwini wakene. Anayankhula, Barnaba n'kumamasulira nkhope ikuwala. Anati wavomera ukwati, chifukwa banja limene nkhalamba imakwera mwala ndi masokosi kukapulumutsa munthu si banja loipa.

"Koma akuti Julaye wa chaka chamawa mudzakhale ku Malawi, ababa," anatero Barnaba. "Ndipo asanayambe kukwera tidzaimba foni kutsimikiza kuti mulidi kumeneko."

Kanema uja anafika ku Lungwena ine ndisanadutse n'komwe Mwanza. Amene anamutumiza sindikumudziwa, koma ndikadzamudziwa adzaona. Mayi ake a Barnaba pondilandira anangotenga thalauza lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

Ndiye ndalumbira, munthu wolendewera pamwala sindidzamukhudzanso, kaya akulira kaya akuitana dzina langa. Dzana ndinayesa kuonetsa kuti ndaphunzira. Mayi ake a Barnaba ankalimbana ndi ndowa yamadzi kuti asenze, ine ndinaima kumbuyo kwawo, kukweza manja m'mwamba, n'kumawalimbikitsa kuti atsala pang'ono. Madziwo anawakhuthulira pa jekete langa latsopano.