Nyumba Yozizira, Mtengo Wokambirana

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti ku Phalombe ngakhale mbuzi zikuidziwa, bola ndiinene ndekha anthu asanaithire mchere wambiri. Ndi yochititsa manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine.

Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi pa Phalombe Boma zaka khumi ndi zinayi. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma kuno ndinazika mizu. Ndinagula kapuloti kuseri kwa msika n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu, khonde lake loyang'ana phiri la Michesi. Kenaka mu Juni kalata ya transifa inafika. Ndinayenera kukayamba ntchito ku Kasungu sabata yoyamba ya Ogasiti, ndipo nyumba inayenera kugulitsidwa ndisananyamuke, chifukwa nyumba ya mwini wake ali kutali imasanduka chakudya cha chiswe.

Amene anakhalako ku Phalombe akudziwa kuti Juni ndi Julayi si nyengo yogulitsa nyumba. Chiperoni chikatsika, kamvula kowaza tsiku lonse, mphepo yolowa mpaka m'mafupa, munthu saganiza za nyumba yatsopano, amaganiza za mbaula. Phiri limene ndinkati ndidzanyadira nalo kwa ogula linabisala m'nkhungu sabata zitatu. Ndipo aliyense amene ali ndi kanthu amangoti dikirani kaye tigulitse nandolo.

Apa ndi pamene ndinaonetsa nzeru zanga. Ndinauza akazi anga, mayi a Tadala, kuti za transifayi asauze munthu, ngakhale kutchalitchi kwawo. Anthu akadziwa kuti uli pachangu, mtengo amaupondereza. Chikwangwani ndinakananso, kuopa adobadoba. Ndinangonong'oneza munthu mmodzi, a Jailosi a kabaza, bambo odziwa aliyense kuyambira pa Boma mpaka ku Jenala. Mayi a Tadala anati chinthu chogulitsidwa mobisa ndi chakuba chokha. Ine ndinawayankha kuti bizinesi saidziwa.

Sukulu zitangotsekera, mlamu wanga anapezeka ndi lole yobwerera kumtunda yopanda katundu. Tinakweza mabedi, kabati, mapoto, ana ndi mayi awo, kuti atsogole akakonze nyumba ya boma imene anatipatsa ku Kasungu. Ananyamuka mbandakucha. Mayi a Tadala anali ndi chimfine cha chiperoni, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, akupukuta ndi chitenje. Ine ndinaima pakhonde manja ali m'thumba chifukwa cha kuzizira, osakweza ngakhale dzanja lotsanzika. Sindinaganize kuti aneba nawo amadzuka m'mawa, kapena zimene munthu angaganize ataona mkazi akuchoka ndi katundu akulira.

Lachisanu a Jailosi anaimba foni kuti apeza munthu wa siriyasi, mlimi wamkulu wa mpunga wa ku Jenala, ndipo abwera mawa lake m'mawa. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinapaka polishi mpaka pansi panayamba kuonetsa nkhope yanga. Ndinasonkha mbaula pabalaza kuti m'nyumba mufunde, n'kuika mipando iwiri imene inatsala. Wanga unali ndowa yovundikira.

Loweruka cha m'ma naini ndinamva odi. Pakhomo panali anthu awiri: bambo wa imvi, wa jekete yosita bwino ndi chipewa cha ubweya, ndi mayi wachikulire wamfupi, chitenje atafunda pamwamba pa juzi, nkhope yodekha. Mumtima ndinati anthu a ndalama enieni amaoneka chonchi, sadzionetsera.

Bamboyo anati ndi a Muhiwa, mayiwo ndi a Nantchengwa, ndipo mayi a kunyumba kuno amawadziwa bwino. Ndikanakhala munthu wopita kutchalitchi, ndikanazindikira pomwepo kuti awa ndi alangizi a mabanja a mumpingo wa akazi anga. Koma ine kutchalitchi ndimapita ngati mvula ya chizimalupsa, kamodzi pachaka. Ndipo ndinaiwaliratu kuti akuluakulu akati nyumba, si nthawi zonse amanena za njerwa.

"Bambo, tabwera pa nkhani ya nyumba yanu," anatero a Muhiwa, mawu akuwakoka pang'onopang'ono mwa Chilomwe chija. "Tamva kuti pali maganizo oisiya."

"Mwamva zoona," ndinayankha ndikumwetulira. "Ndikuisiya ndithu, mwezi uno usanathe."

Anayang'anana. Ine ndinati akondwa.

Anandifunsa kuti ndakhala nayo nthawi yaitali bwanji, ndinati zaka khumi ndi zinayi. Anafunsa kuti yandilakwira chiyani, ndinati palibe, ndi yolimba, sinandivutepo, ndipo aliyense wodutsa pamsewu amaicheukira.

"Nanga mukuisiyiranji?" anafunsa mayi Nantchengwa.

"Ndapeza ina ku Kasungu."

"Mwaiona kale?"

"Ndagonako kawiri. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi iyi, koma ndi yatsopano. Ndipo ndi boma limene landipatsa."

A Muhiwa anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Boma layamba kugawanso zimenezi?"

"Kwa ife ogwira ntchito m'boma, inde. Ukangofika giredi inayake."

Ndinamvapo kuti wogula amakhulupirira munthu amene akuulula yekha zofooka za katundu wake. Ndiye ndinasendeza ndowa yanga pafupi n'kutsitsa mawu ngati munthu woona mtima.

"Sindikubisirani, iyi yayamba kukalamba. Ming'alu ilipo, makamaka kumaso kuno, koma mukaipaka penti palibe angadziwe zaka zake. Nthawi ya mvula imasokosa, simungamvane. Ndipo nyengo inoyi, kunena zoona, usiku imazizira kwambiri."

Mayi Nantchengwa anandifunsa mofatsa ngati ine mwini wake ndinayesapo kuifunditsa. Ndinati ndayesa, mayi, mpaka ndi mbaula, koma ndatopa. Atafunsa za ana, ndinati ana savuta, sabata ziwiri zokha adzakhala atazolowera inayo, iyi ataiiwala.

Mpaka lero ndimawagomera anthu awiri aja. Wina aliyense akanandiphwanyira mpando pamutu. Iwo anangokhala phee, manja ataloza ku mbaula, kundimvetsera mpaka kumapeto kwa chiganizo chilichonse, ngakhale chonyansa bwanji. Nanenso ndine mlangizi, koma mlimi akandiuza kuti wabzala njere zinayi za chimanga paphando ndimayamba kukalipa asanamalize. Kuleza mtima kwa mtundu umenewu sindinakuonepo.

A Muhiwa anandipempha kuti ndisapupulume, ndidikire kaye miyezi iwiri kapena itatu mtima ukhale pansi. Ndinazindikira msanga kuti iyi ndi nyimbo ija ya dikirani nandolo, yangovala jekete. Ndinaganiza zowapanikiza.

"Bambo, musachedwe. Amuna atatu aiona kale ndipo aikonda," ndinanama. "Koma inu mwandisangalatsa. Itengeni inuyo. Mtengo ndi wokambirana."

"Ine?" A Muhiwa anadziloza pachifuwa. "Ine ndili nayo yanga, ya zaka makumi anayi."

"Ambiri masiku ano ali nazo ziwiri. Ina mumakhalamo, ina mumaika pa lendi."

Khala lina linathetheka mu mbaula. A Muhiwa anapuma mpweya wautali, anaimirira, nati tiyeni tipemphere.

Ndinaona kuti ichi ndi chizindikiro chabwino. Munthu sapempherera chinthu chimene sakufuna kugula. Ndinagwada pa simenti yanga yapolishi n'kutsinzina. Bambo ofatsa aja atayamba pemphero anasanduka munthu wina, mawu kumveka mpaka kumsewu. Anati Ambuye, nyumba iyi yang'aluka, ili pafupi kugwa, igwireni ndi dzanja lanu. Anati mzimu woipa umene walowa m'nyumba muno utuluke lero lomwe. Ndinadandaula pang'ono kuti akutsitsa mtengo kudzera m'pemphero, koma kasitomala sutsutsana naye, ndiye ndinkavomera ameni mokweza kuposa onse.

Pakati pa pempherolo ndinatsegula diso limodzi. Pakhomo panaima a Jailosi ndi bambo wina wamtali wa majombo ndi chikhoti chachikulu. Bamboyo anamvetsera pang'ono, anayang'ana kudenga, anayang'ana makoma, kenaka anatembenuka n'kuyamba ulendo wa ndawala, a Jailosi akumuthamangira pambuyo ndi njinga. Ndinatsinzinanso, ndikuti za anthu odutsa zisandisokoneze pa bizinesi.

Titati ameni womaliza, mayi Nantchengwa anakonza chitenje chawo n'kundiyang'ana m'maso. Sanakweze mawu.

"Bambo, ine ndakula, ndilankhula mosazungulira. Nyumba mukuinyozayi ine ndinaiona ikusenza madzi kuchokera kumjigo, mwana ali kumbuyo, kuti njerwa za makoma awa ziumbidwe. Amuna anga atagonekedwa m'chipatala, nyumba yomweyi inkabwera ndi phala m'mawa uliwonse, mwezi wathunthu, popanda woituma. Ming'alu mukunenayo yabwera chifukwa cha inu ndi ana anu. Mkazi ngati ameneyu saikidwa pa lendi."

Chiperoni chonse chija, ine thukuta linangoti kamukamu. Mawu anga onse anayamba kubwerera limodzilimodzi: yatsopano ya ku Kasungu, penti, amuna atatu, lendi. Ndinathamangira kuchipinda n'kubwera ndi kalata ya transifa, ndikuloza makoma ngati munthu wozunguzika.

"Ndimanena iyi! Ya njerwayi! Ya malatayi!"

A Muhiwa anavala magalasi n'kuwerenga kalatayo kawiri, chala chikutsata mzere uliwonse. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kugwira khoma, misozi ikutsika, akubwereza mawu aja akuti ukangofika giredi inayake. Anati iwo ankangoganiza kuti anthu a chigawo chapakati amakonda kulankhula m'zining'a.

Mayi Nantchengwa sanaseke msanga. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinalola munthu wokondedwa ndi mudzi wonse kuchoka mbandakucha ngati wothawa mlandu, osatsanzika ngakhale anzake a kumvano. Funso limenelo linandipweteka kuposa manyazi, ndipo za phala la kuchipatala zija ndinali ndisanazimvepo. Zaka khumi ndi zinayi ndikudya mbale imodzi ndi munthu, koma ubwino wake ndinakaumvera kwa alendo.

Tili pomwepo foni inalira. Anali a Jailosi, akupuma wefuwefu. Anati wamajombo uja ndiye anali mlimi wa mpunga wa ku Jenala, ndipo wanena kuti nyumba yotsala pang'ono kugwa, yokhala ndi ziwanda zofuna anthu awiri kuzitulutsa, sangaitenge ngakhale yaulere. Wogula mmodzi yekhayo amene ndinamupeza m'nyengo yonse yozizira ndinamuthamangitsa ndi ameni wanga yemwe. Masiku anali atatsala ochepa, ndipo ndinadziwa kuti pofika madzulo Jenala yense adzakhala atamva za ziwandazo.

Ndinakhala pa ndowa yanga mutu uli m'manja. Mayi Nantchengwa anamasula kafoni kawo pa mfundo ya chitenje n'kuimbira mayi a Tadala pamaso panga. Anawafotokozera zonse, osadumpha ngakhale liwu limodzi.

Sabata yotsatira mayi a Tadala anatsika minibasi pa Boma, ana atawasiya ndi mlamu wanga uja. Anandipatsa moni ngati palibe chachitika. Lamulungu anandiuza kuti ndivale jekete, tikupita kutchalitchi. Nthawi ya zolengeza anaimirira, anatsanzika mpingo bwinobwino, anathokoza aliyense, nati nyumba yawo ya njerwa ikugulitsidwa ndipo chitseko n'chotsegula. Pa mawu akuti ya njerwa tchalitchi chonse chinatembenukira kumbuyo kumene ndinakhala. Sindinalandirepo moni wachifundo wochuluka ngati wa tsiku limenelo.

Masana ake bwalo langa linadzaza amayi a maambulera, kamvula kakuwaza koma iwo osalabadira. Mayi a Tadala anawaonetsa chipinda ndi chipinda, ming'alu osaibisa, pothawira mphepo akuloza, mtengo wa mapeyala akunena chaka chimene anaubzala. Amayiwo anakauza amuna awo, ana awo ndi azilamu awo, ndipo nkhani ya ziwanda inafa yokha. Pofika Lachitatu namwino wina wa kuchipatala anali ataigula pa mtengo umene ine ndinkachita mantha kuutchula. Zimene zinandikanika miyezi iwiri ndi nzeru zanga zonse, munthu wosadziwa bizinesi uja anazimaliza m'masiku atatu, m'kati mwa chiperoni.

Masiku onsewo ndinkadikira mkuntho, koma sunabwere. Tinapereka makiyi, tinatsanzika a Muhiwa ndi mayi Nantchengwa, tinakwera minibasi. Titadutsa msika, mayi a Tadala anakonza duku lawo n'kulankhula akuyang'ana pawindo, mokweza bwino kuti ngakhale kondakitala amve.

"Za ming'alu ndakukhululukirani, galasi ndili nalo. Zozizira usiku tikakambirana ku Kasungu. Koma bambo a Tadala, zaka khumi ndi zinayi, mpaka mtengo wokambirana?"

Mlendo akati wabwera pa nkhani ya nyumba, yamba wafunsa ngati akunena yofolera malata kapena yovala duku.