Kusaka Njoka Imene Sindikuifuna

Lolemba

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Dzulo a Tamanda, anamwino a kuchipatala cha mishoni, amadandaula kuti anthu olumidwa m'minda ya tiyi amafika osadziwa kuti yawaluma ndi njoka yanji. Akufuna chithunzi cha njoka ya konkuno choti amate pakhoma, wodwala azingoloza. Ine, m'malo mongoti pepani, ndinati: "Zimenezo? Kwathu ku Kasungu timazitola ngati nkhuni. Pofika Lamulungu chithunzi mukhala nacho."

Anamwetulira. Chiyambire kuwaperekeza akamaweruka, sanandimwetulirepo choncho. Tsono ndibweza bwanji mawu?

Zoona zake, ine ngakhale nyongolotsi ndimailambalala.

Zofunika:
jombo (ndabwereka kwa aneba, mayi Muhiwa)
ndodo yaitali, yaitali ndithu
foni yatchaji
mtima (sindikudziwa kobwereka)

Lachiwiri

Ndaweruka kusukulu, ulendo kukathengo ka mchenga kuseri kwa esiteti, njira ya ku Khonjeni. Akuti mphiri zimaothera dzuwa kumeneko. Jombo n'zazikulu, phazi likungosambira. Ndikuyenda ndikuimba nyimbo ya kwaya mokweza, ndikumenya tchire ndi ndodo. Ndili pakati ndakumbukira kuti phokoso limathawitsa njoka. Ndawonjezera ndime yachiwiri.

Zopezeka: buluzi, nsapato ya mwana yakumanzere, chisoso thalauza lonse.

Njoka palibe. Ambuye alemekezeke!

Lachitatu

Lero kudambo, kumunsi kwa tiyi. Matope, udzudzu, fungo. M'bango chinachake chikuti tswa tswa! Sindikudziwa kuti ndafika bwanji pamsewu, koma ndafika ndi jombo imodzi. Inzake yatsala m'matope, ndipo itsale. Chotulukacho? Chule. Chule wamba, wondiyang'ana mwachipongwe.

Amayi othyola tiyi, madengu kumsana, aima. "Achimwene, mwataya chiyani?" Ine: "Ndikufuna njoka." Kenako mmodzi, motsitsa mawu: "Ya mankhwala?" Pobwerera palibe wandiyankha moni.

Lachinayi

Mbiri yandipitirira. Kuno munthu safuna njoka popanda chifukwa, ndiye anthu agawikana. Ena akuti mphunzitsi watsopano akukhwima. Ena akuti ayi, njoka zikumuvutitsa kunyumba koma akuchita manyazi kunena.

Mayi Muhiwa asankha yachiwiriyo, Mulungu awadalitse. Ndikufika, ndapeza aotcha tayala lagalimoto pakhomo panga, athira oyilo wakuda kuzungulira nyumba yonse. "Mukanangonena aphunzitsi, kuvutika nokha bwanji ngati mulibe anthu?" Malaya anga onse akununkha ngati galaja. Amuna awo nawo atchetcha udzu mpaka kudambo. Akuti tsopano ngakhale kanjoka kosochera sikangadutse dera lino.

Pamaso ndikuonetsa kudandaula. M'mtima muli gule!

Za jombo sindinawauze.

Uthenga wa a Tamanda: "Zikuyenda?" Ndayankha kuti yandipulumuka pang'onong'ono. Sindinatchule kuti ndi chule.

Lachisanu

Kumchenga kuja kachiwiri. Ndapeza khungu limene njoka yafundula, latalika kuposa ndodo yanga. Ndikusangalala, kenako nzeru zabwera: mwini khunguli wavula chifukwa lamuchepera, ndipo sali kutali. Ndajambula ndili chobwerera m'mbuyo. Chithunzi chatuluka ngati jumbo yokodwa pachitsamba.

Maganizo oipa: ndingotsitsa ya pa intaneti. Ndapeza yokongola, koma kumbuyo kwake kuli ngamila. Komanso munthu wolumidwa akadzaloza njoka ya kwa eni, n'kulandira thandizo lolakwika? Ayi, bodza langa lisafike pamwendo wa munthu.

Uthenga wina. Mawa likatha Sabata la m'mawa ndikadye kwa makolo awo ku Goliati. "Ababa akufuna aone munthu wotola njoka ngati nkhuni." Mayo ine!

Loweruka

Malaya oyera onunkha tayala. Sokosi zanga zachikasu, zamwayi.

Andikhazika pansi pa mtengo wa mapeyala. Bambo awo ndi munthu wofatsa, mkulu wa mpingo. "Tatiuzani aphunzitsi, mumayambira kumutu kapena kumchira?" Ndikufotokoza, ndikuonetsa ndi manja, mpaka nanenso ndayamba kukhulupirira.

Kenako china chobiriwira, chachitali, chikutsetsereka pampanda. "Njoka!"

Zapakatipo sindikuzikumbukira. Ndangozindikira ndili padenga la khola la mbuzi, mbale ya nyemba ili m'manja, osatayikako ngakhale imodzi. Pansi bambo akubweza anthu m'mbuyo mwaulemu. A Tamanda aima patali, atulutsa foni, akujambula ngati ali paukwati. Njoka yadutsa osatilabadira, yalowa m'tiyi.

Bambo, mofatsa momwemo: "Tsikani bwino aphunzitsi, dengalo ndi lakale." Ndikutsika, phaso lathyoka. Mbuzi zabalalika.

Ndabwerera pakabaza. Zatha basi. Koma ndili moyo, ndipo zimenezo ndikuzikonda.

Lamulungu

Jombo imodzi ndabweza. Mayi Muhiwa aiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti adzalamo maluwa.

Masana a Tamanda afika okha, pepala lili m'manja, poti kwa iwo lero ndi tsiku lantchito. Asindikiza kale. Pansi pali njoka, yooneka bwino mpaka maso: mbobo. Pamwamba pali denga la khola ndi miyendo iwiri. Mawu ake: MUKAONA NJOKA, TALIKIRANI CHONCHI.

Nkhope sikuoneka. Koma sokosi zachikasuzo Thyolo yense akuzidziwa.

Ndikufuna kupepesa, andidula. "Aphunzitsi, olimba mtima ndawamanga mabandeji okwanira. Ena sanabwerere kwawo. Ine ndikufuna munthu woti azifika kunyumba madzulo."

Ndakhala pansi. Mtima watsika, mpaka misozi pang'ono, ngakhale ndanamizira utsi wa tayala.

Ndiye ndi zimenezo. Sindine wotola njoka, ndine chitsanzo cha pakhoma la chipatala. Ana anga a kalasi akandiona kumeneko, ndipo sadzaiwala mpaka adzakalambe. Ndavomera.

Ndodo ija ndakhomera chingwe choyanikira zovala. Bambo awo atumiza mawu kuti ndine wolandiridwa pakhomo pawo, koma ndibwere ndi misomali.