Anandituma Kukadzudzula Nachisale

Lolemba
Amayi a kumpingo asankha ine. Ndikadzudzule Nachisale, wamasiye uja amadzijambula pa foni n'kumaponya pa intaneti. Milandu yake: kuseka yekha m'munda, kulankhula ndi foni ngati ndi munthu, kuonetsa dziko lonse chigafa chake chodontha. Mayi Gondwe, amene amatitsogolera, akuti, "Wamasiye azikhala phee." Akapanda kusiya, achotsedwa m'kwaya. Mawu ndakonza kale, ndi vesi lomwe.

Lachiwiri
Ndamupeza akusoka fodya, foni ataitsamiritsa pa njerwa. Wandikodola kuti ndikhale kaye chete. Akuifotokozera foniyo kusiyana kwa tsamba la pansi ndi la pamwamba. Zaka zonsezi ndikulima fodya, sindinamvepo munthu akulongosola bwino chonchi. Vesi lija landithawa.

Lachitatu
Ndabwereranso, lero nditalimba mtima. Ndisanatsegule pakamwa wayamba kundiwerengera zimene anthu amulembera. Mayi wina wa ku Mzimba akuthokoza. Bambo wina ali ku Joni akuti akaona chigafacho misozi imalengeza, chimamukumbutsa kwa malemu amayi ake. Ku Joni! Chigafa cha ku Wimbe kuno chafika ku Joni, ine ku Lilongwe komweku ndinangopondako kamodzi.

Lachinayi
Ndapita kukatsiriza nkhani. Ndaona kuti timitolo take ta fodya akumanga molekerera, mtima sunandilole. Ndamulanda, ndamuonetsa mfundo imene amayi anga anandiphunzitsa. Kudzudzula mawa. Foni inali pa njerwa pake, ine ndimayesa yagona.

Lachisanu
Ndili pa intaneti! Kuchigayo anthu akugwedezana. Che Saidi a pagolosale andilonjera kuti, "Takulandirani, aphunzitsi." Andibwereka foni yawo kuti ndidzione. Gweru langa poyera. Chitenje chothetheka. Koma manja! Sindinkadziwa kuti manja anga amathamanga chonchi, zala ngati zikuvina. Ndaonera kasanu, mpaka eni foni atsokomola. Kunyumba abambo sakundilankhula, koma ndamva akuuza anzawo kuti mkazi ameneyu anachita kusankha.

Loweruka
Mayi Gondwe abwera, nkhope ili gwa. Mpando akana. Akuti anandituma kukazimitsa moto, ine ndakakhala pansi n'kumaotha. Sananame. Ndawaperekeza. Pafupi ndi khola aima, ayang'ana uku ndi uku, kenaka andifunsa chapansipansi ngati mfundo ija imayambira kumanja kapena kumanzere.

Lamulungu
Titaweruka ndaimirira pamaso pa amayi onse n'kuvomera kuti ntchito yandikanika. Nachisale waimba m'kwaya monga mwa nthawi zonse. Palibe wamuchotsa, poti ofunika kudzudzulidwa tsopano tilipo awiri, ndipo wachiwiriyo ndine, amene ndimasunga makiyi a tchalitchi. Agwirizana kuti Mayi Gondwe atiyendere okha sabata ya mawa. Nachisale wangopempha kuti adzafike m'mawa, dzuwa lisanakwere, akuti nthawi imeneyo nkhope zimaoneka bwino. Ndikawasesera pokhala.