Tsiku Limene Ndinayeza Apongozi Anga

Amene akuti ine Chimphepo ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Inu mukuseka kumbuyoko, munali kuti chaka chija mwana wa mlongo wanga ankakwatiwa ku Peckham, tsidya lina la London muno, ine ndili nkhoswe? Nkhoswe ikachedwa manyazi ndi a mtundu wonse, ndiye ndinabwereka kwa mzungu wa kuntchito galimoto yanyumba, ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati, kuti ndinyamule anthu ndi katundu ulendo umodzi kuchokera kuno ku Barking.

Mzunguyo anandichenjeza kuti ndikapakira ndiyambe ndayeza kulemera kwa pa tayala lililonse, kenako ndipope mpweya molingana ndi katunduyo, apo ayi liphulika. Tsono anthu akwathu mumawadziwa, aliyense amati kakatundu kanga nkakang'ono, ndipo timakatunduto tinali matumba a ufa, zigubu za thobwa, mbuzi zitatu zosenda, mapoto oti munthu angasambiremo, mipando ya kutchalitchi, pomaliza apongozi anga, Mayi Naphiri, amene anakakhala kumbuyo chakumanzere. Mukumva? Kumanzere!

Kusikelo ya magalimoto tinapeza kotseka. Nanga mkamwini angafunse apongozi kuti mumalemera bwanji? Ine zaka makumi awiri sindinawayang'anepo m'maso. Koma ndinakulira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, kumene sikelo ikatsutsana ndi phewa langa ankataya sikeloyo, choncho ndinavula jekete, nkukwawira pansi pa galimoto, nkuyamba kutukula ngodya imodzi imodzi ndi msana, ndipo pa ngodya ya apongozi ndinatukula mpaka iwo anaona mtsinje wa Thames pawindo, nkumati lero London wakongola. Ndikulumbira, msanawu ukadali ndi chidindo cha nambala ya galimotoyo.

Pampu ya pagaraji inangoti fwii, nkukomoka. Ndinagwada, nkukoka mpweya kamodzi kokha, zovala zonse zoyanikidwa m'Barking zinaloza kwa ine, sitima ya pa njanji ya District inabwerera m'mbuyo siteshoni imodzi, nkhunda zinayenda wapansi chifukwa kumwamba kunalibe choulukira, ndiye ndinauzira tayala lililonse mlingo wake, la apongozi ndinalipatsa mapapo onse awiri mpaka linalimba gwa. Mukumva bwino? Palibe injiniya akanandiposa.

Tanyamuka, tili pafupi ndi mtsinje, dzuwa linayamba kuwawomba apongozi. Ndinaona pa kalilole akunyamuka pang'onopang'ono, kachikwama kali m'manja, kusamukira kumanja, kumene tayala ndinalipopera thobwa lokha. Ndinatsokomola, osamva. Ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi, iwo nkuvomereza ndi mawu okoma. Kuti ndinene kuti amayi bwererani, mwalemetsa mbali imodzi, pakamwa panakana.

Phuu! Kuphulika kwa tayala la kumanjalo, achibale a ku Harare anamva, nkuimba foni kufunsa ngati tili moyo.

Inde, ku ukwatiko tinafika pa basi, ine mbuzi ili paphewa, anthu akutsuka mbale, unkhoswe wanga ataugwira mng'ono wanga amene sadziwa nkumanga tayi komwe. Zinandiwawa, sindibisa. Koma muyeso wanga unali wolondola, amene akukana akayeze yekha. Chimene sindiiwala ndi mawu amene apongozi anauza mkazi wanga pakhomo la holo, anthu onse akumva:

"Uwauze amuna akowa kuti mawa akafuna kundiyeza azingondifunsa. Ine ndimati andinyamula chifukwa chondikonda."