Mwana Mwamumangira Mpanda, Makolo Mwawadula

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Magombe,

Bwana, ndatumidwa ndi mudzi wonse wa Vunisalato kuti ndikudziwitseni kuti penti ya pachikwangwani chanu yauma. Tinaidikira ndi mtima wonse. Tsopano mlendo akhoza kutsamira mawu oti "Malo Otetezedwa a Mtengo Wosowa" osadetsa malaya.

Ine ndine kamunthu chabe, kotha zaka ku yunivesite kakusinja masamba ndi kuunika chibadwa cha mitengo. Mundikhululukire ngati kuthokoza kwanga kukhale kokhotakhota.

Choyamba, zikomo potitsegula maso kuti selala ndi mtengo wosowa pachilumba chathu chino. Ife mbuli tinkangomangirirako mabwato. Lero selala ali ndi mpanda, benchi ndi mlonda wa yunifolomu, zinthu zimene sukulu yathu ikuzilotabe.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha ukhondo. Tsiku munabwera lija tinakusungunulirani yaqona, chakumwa chathu cholandirira alendo olemekezeka, munaomba m'manja, n'kugugudiza chikho chonse ngati mwana wa kuno. Kenako munadandaula kuti mtengo wa boma sukuoneka bwino pachithunzi chifukwa cha tchire. Tchirelo, bwana, linali tiri, mitengo wamba ija yoima ndi miyendo m'matope amchere, mitundu iwiri yokhala moyandikana. Koma mlendo amene wamwa yaqona yathu satsutsidwa pagulu, ndiye tonse tinagwedeza mitu mwaulemu. Anyamata anu anabwera ndi macheka, ndipo ntchito anaigwira mosanyinyirika. Chithunzi chinatuluka bwino zedi. Ngakhale nyanja ikuoneka, ndipo masiku ano ikuoneka pafupi kwambiri.

Chachitatu n'chaching'ono, mwina chosayenera makutu anu. Masamba amene tinayeza amasonyeza kuti selala ndi mwana wa mitundu iwiri ya tiri ija. Mungu wa uyu ukagwera pa duwa la uyo, kamodzikamodzi pamabadwa selala. Iye mwini amachita maluwa mpaka kunyadira, koma mbewu ayi. Ali ngati nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi: wamphamvu, wokongola, wosabereka. Ndiye kuti mwanayo mwamuteteza, ndipo makolo okhawo amene akanatha kumuberekera mng'ono mwawasandutsa nkhuni.

Ndinayesa kunong'oneza mkulu wa ofesi yanu zimenezi, kuseri, monga ulemu ufunira. Anandisisita paphewa n'kuti, "Achimwene, za makolo a mtengo si za ofesi ino. Kayeseni kolembetsa ana obadwa." Tinaseka tonse. Iwo anaseka kwambiri kuposa ine.

Sindingaiwale timatumba ta nazale timene munatitumizira, kuti amayi a m'mudzi azitola mbewu pansi pa selala m'mawa uliwonse. Amapitadi. Amakhala pabenchi yanu, maso m'mwamba, kudikira. Azakhali anga a Vilimaina, amene analera ana awo onse ndi nkhanu za m'mizu ya tiri, anandikalipira dzana: "Iwe Sakiusa, ndi sukulu yakoyo, kawafunse abwana akowo ngati chikwangwani chimaphikika ndi mkaka wa kokonati. Nkhanu zasamuka, sizinatsanzike n'komwe." Musawatengere, ndi okalamba, sadziwa chitukuko. Timatumbato sitikuwonongeka, ana akusungiramo nyambo.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikulipereka nditagwada. Bweraninso. Yaqona ilipo, ndipo sitidzakutsutsani. Mudzasankhe tsiku la mwezi wathunthu, pamene nyanja imadzaza kwambiri, mudzakhale pabenchi yanu ija kuti mudzaone bwino. Wojambula mungamusiye. Ngati m'galimoto muli malo, mutengeko fosholo.

Kuseri kwa tiri uja kunali manda athu. Mizu yake ndiyo inkathyola mafunde, ndipo sitinkaiyamika chifukwa inalibe chikwangwani. Sabata yatha, mafunde atafika pamandapo, tinafukula mzere woyamba n'kukauika kuphiri. Mzere wachiwiri muli bambo anga. Ndinali pomwepo tsiku la macheka lija, ndikudziwa zonse ndalembazi, ndipo m'manja ndinaomba nawo.

Ine wanu wodzichepetsa mpaka m'matope,

Sakiusa Tuinamata
Vunisalato